Magemu Anayi Osagulitsika

Dzanja la Atelala litachira, makina a magemu anasanduka mlendo wosatsanzika pabalaza. Mayi a Mapasa ankawapukuta fumbi Loweruka lililonse, kuwafunditsa kansalu koluka, n'kukhazika maluwa apulasitiki pamwamba pake. Tsiku lina ali mkati mopukuta anaima n'kugwira m'chiuno.

"Bambo a mapasa, chinthuchi chikungodya malo. Inu mukulira makina a ovaloko osokera m'mphepete mwa nsalu tsiku ndi tsiku, pamene ndalama yake yangokhala phee pansi pa maluwawa."

Atelala anasuzumira pamwamba pa magalasi awo. "Mukufuna kugulitsa dokotala wanga?"

"Wodwala akachira, dokotala amapita kwa wina. Sagona pabalaza."

Makinawo anabweradi pakhomopo chifukwa cha matenda. Zaka ziwiri m'mbuyomo, Atelala anagwa m'shopu mwawo sizasi ili m'manja, ndipo kuchipatala anati ndi sitiroko. Mwendo unabwerera msanga, koma dzanja lamanja linangoti lende, zala zitapindika. Munthu amene ankalowetsa ulusi pasingano akucheza tsopano ankalephera kumanga batani la malaya ake. Dokotala wa mafizo olimbitsa ziwalo anawapatsa kampira kofinya, iwo n'kumakaponya kuseri kwa mpando. "Mukundiyesa mwana wa sukulu ya mkaka?" ankatero.

Dokotalayo ataona kuti wakumana ndi nkhutukumve, anauza banjalo kuti kuwonjezera pa mafizo, lipeze china chilichonse choti zalazo zizigwira ntchito mwini wake asakudziwa. Apa m'pamene mwana wawo wachisamba, mtsikana wogwira ntchito mu labotale ya chipatala cha mumzinda wina, anabwera ndi makina a magemu ogula kwa munthu, pamodzi ndi zimbale zisanu ndi ziwiri. Pambuyo pake anawagulira magemu ena anayi pa intaneti. Amenewa analibe zimbale, anangotulukira pakanema mmawa wina ngati bowa.

Poyamba Mayi a Mapasa ankaseka. "Bambo wa imvi kumathamangitsa tigalimoto ta pakanema! Anthu a kutchalitchi akamva ndiyang'ana kuti?" Koma tsiku limene anaona chala chachikulu cha amuna awo chikukankha kabatani pachokha, anathawira kukhitchini n'kukalira atatsamira sinki. Patatha chaka, Atelala anabwerera pa makina osokera, ndipo magemu anaiwalika.

Nkhani yogulitsa inamveka kwa mng'ono wa Atelala, amene anthu ankamutcha Amadilu chifukwa panalibe chinthu chimene sanayesepo kugulitsa, kuyambira zikwama za foni mpaka matayala akale. Lamulungu masana anatulukira, nakhala pampando wabwino, n'kuvundukula makinawo ngati munthu woyesa mbuzi pamsika.

"Alamu, apa musalakwitse," anatero. "Mukati makina ndi zimbale zisanu ndi ziwiri, anthu akupatsani ya sopo. Nenani kuti magemu khumi ndi imodzi. Mtengo ukwera wokha."

"Nanga anayi enawo tiwapereka bwanji, poti sagwirika ndi manja?" anafunsa Mayi a Mapasa.

"Ali mu akaunti. Akaunti ili ngati kabati, pasiwedi ndiye kiyi wake. Mungopereka kiyi, nkhani yatha."

Atelala anakanda chibwano. "Kabatiyo si ya mwana kodi? Timuimbire kaye."

"Achimwene, mphatso ikaperekedwa imapemphedwanso chilolezo? Ine zinthu izi ndimazidziwa ngati thumba la buluku langa."

Mayi a Mapasa nawonso sanafune kuimba foniyo, koma chifukwa chawo chinali china. Ankamudziwa mwana wawo. Akangomva kuti bambo ake akufuna ovaloko, akanadzimana n'kutumiza ndalama, pamene matenda aja anali atamudyera kale zambiri. "Musiyeni mwana apume," anatero. Anatsegula buku la miyeso ya makasitomala, pomwe mtsikanayo analemba pasiwedi kuseri kwa chikuto, n'kuikopera pakapepala.

Wogula anapezeka mosayembekezera. Mlungu womwewo Mayi a Mapasa anaperekeza amuna awo kuchipatala kokapimitsa magazi, ndipo pabenchi anakhala moyandikana ndi mayi wina wamaso otopa, wonunkhira mankhwala a tsitsi. Anali ndi saluni yaing'ono. Amuna ake, amene anayendetsa basi ya maulendo ataliatali zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, anali m'chipinda cha mafizo. Sitiroko inawagwira miyezi inayi yapitayo.

"Sakufuna chilichonse, anzanga," anatero Mayi a Saluniwo. "Amangokhala pawindo kumayang'ana msewu. Kulankhula ndi mawu amodziamodzi. Kampira anapatsidwa kaja anakapatsa galu."

Mayi a Mapasa anaseka mpaka kugwira bondo la mnzawoyo. "Athuwa ankakabisa kuseri kwa mpando! Amuna onse anabadwa kwa mayi mmodzi." Kenaka anawafotokozera za makina aja, ndipo atatchula kuti pa magemuwo pali ina yoyendetsa basi, maso a Mayi a Saluni anawala.

Loweruka banjalo ndi Amadilu anakatula katunduyo. Nyumba ya Adalaivala, amuna a Mayi a Saluni aja, inali ya zipinda ziwiri kuseri kwa saluni, ndipo pakhoma panali chithunzi chawo ataima pafupi ndi basi yaikulu, atavala yunifolomu. Mwini chithunzicho anali pampando wa pawindo, bambo wathupi, pakamwa patakhotera mbali imodzi. Iwo sanawayang'ane n'komwe alendowo. Amadilu analumikiza mawaya akulankhula osapuma, mpaka pakanema panaoneka chiwongolero, galasi lakutsogolo ndi msewu wautali. Injini italira, Adalaivala anatembenuka pang'onopang'ono. Atelala anawaikira chowongolera pamiyendo. Dzanja lamanzere linachigwira. Lamanja linakhala kaye pabondo, kenaka linayamba kukwawa ngati nkhono mpaka kufika pa kabatani ka hutala.

Mayi a Saluni anapereka ndalama ya magemu khumi ndi imodzi osanenerera. Mayi a Mapasa anapereka kapepala ka pasiwedi. Palibe chimene analemberana, poti anali atayamba kale kuitanana kuti achemwali.

Kwa milungu iwiri foni ya Mayi a Mapasa inkalandira uthenga pafupifupi tsiku lililonse. "Achemwali, lero afika pasiteji yachitatu osagunda mtengo." "Achemwali, akukana kudya, ati apasinjala akudikira." Iwo ankawerengera amuna awo mauthengawo, Atelala n'kumamwetulira mapini ali kukamwa.

Koma Lachiwiri lina masana, Mayi a Saluni analowa m'shopu ya utelala atanyamula chikwama chachikulu. Sanakweze mawu. Anatulutsa makinawo atakulungidwa m'thawulo n'kuwaika patebulo lodulirapo nsalu.

"Achemwali, ndinakulakwirani chiyani?"

"Bwanji kodi? Awonongeka?"

"Akuyaka bwinobwino. Koma kuyambira Lachisanu, magemu anayi aja ali ndi kaloko. Pasiwedi munandipatsa ija ikukana. Basi ija ndi imodzi mwa anayiwo. Abambo ayesa, ayesa, mpaka anaponya chowongolera pansi. Abwerera pawindo. Dzulo kumafizo anakana kupita. Ndiye kasitomala wina ndikumuluka tsitsi wandiuza kuti kugula magemu kwa munthu ndi mlandu, ati makinawa amaulula okha kwa apolisi. Ine ndili ndi wodwala, achemwali. Za apolisi sindingazithe."

Mayi a Mapasa anamva nkhope yawo ikutentha. Anaimbira Amadilu pomwepo.

"Alamu, musanjenjemere," anayankha Amadilu, phokoso la msika likumveka kumbuyo. "Munalemberana? Ayi. Ndiye mukuopa chiyani? Katundu akatuluka pakhomo sabwerera. Auzeni kuti anabofya molakwika okha."

Mayi a Mapasa anayang'ana mayi amene anaima patsogolo pawo, zala zake zitathimbirira ndi mankhwala a tsitsi. Anadula foniyo osatsanzika, n'kuimbira mwana wawo.

"Amayi!" anafuula mtsikanayo asanamalize n'komwe kumufotokozera. "Ndiye kuti munali inu? Ine ndinalandira uthenga woti akaunti yanga yatsegulidwa pamalo achilendo. Ndinayesa mbava! Ndinasintha pasiwedi n'kutsekera makina onse kunja. Mukudziwa kuti khadi langa la kubanki ndi lolumikizidwa mmenemo? Aliyense akanangodina kabatani, malipiro anga onse akanapita."

"Sitinafune kukuvutitsa, mwanawe."

Mawu a mtsikanayo anafewa. "Amayi, inu ndi ababa mumandivutitsa kwambiri mukamayesa kusandivutitsa. Pitani kwa mtsikana amene ndinagulako makinawo, kuseri kwa sitolo ya mabuku. Amamutcha Ainjiniya. Akuthandizani."

Amayi awiriwo ananyamula makinawo n'kupita limodzi, osalankhulana kwambiri m'njira. Kashopu ka Ainjiniya kanali kopapatiza, mashelefu atadzaza zimbale m'timabokosi tosuluka, patebulo pali zowongolera zomasula ndi kachitsulo kowotcherera mawaya. Mwini wake anali mtsikana wa zaka ngati makumi atatu, sikuludiraiva itasomekedwa m'tsitsi. Anawapatsa timipando, namvetsera nkhani yonse osawadula.

"Tiyambe ndi apolisiwo, kuti amayi apume," anatero akutembenukira kwa Mayi a Saluni. "Taonani mashelefuwa. Zonsezi ndi zimbale zogula kwa anthu, ndipo chiphaso changa cha bizinesi ndi icho pakhomapo. Chimbale chenicheni chimene munthu anagula ndi katundu wake. Angathe kuchigulitsa, kuchibwereketsa, kapena kupatsa mdzukulu, monga mmene angachitire ndi buku kapena njinga. Choletsedwa ndi kukopera gemuyo pa zimbale zina n'kumagulitsa. Ndiye makinawa ndi zimbale zisanu ndi ziwirizi munagula bwino. Palibe amene akubwera kudzakumangani."

Mayi a Saluni anapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika.

"Nanga anayiwa?" anafunsa Mayi a Mapasa. "Mwana wanga analipira ndalama yeniyeni. Sanabe."

"Sanabe ayi. Paja mwati abambo ndi telala? M'shopu mwanu mumabwereketsa madiresi a ukwati?"

"Tili nawo awiri."

"Mkwatibwi akalipira n'kuvala diresi lanu, angaligulitse kwa mnzake ukwati ukatha?"

"Ayerekeze! Ndingamutsatire mpaka kwa apongozi ake."

Onse atatu anaseka, ndipo aka kanali koyamba kuti amayi awiriwo ayang'anane m'maso chichokere kushopu.

"Magemu ambiri ogula pa intaneti ali choncho," anapitiriza Ainjiniya. "Chimene munthu amalipira ndi chilolezo chosewera, ndipo chilolezocho chimamangidwa pa akaunti yake. Makampani ambiri amalemba m'mfundo zawo kuti akaunti siyogulitsa. Mfundo zake ndi zija zazitali zimene tonse timangodina kuti tavomera osawerenga. Ine sindikuti n'zachilungamo. Pali mabungwe omenyera ufulu wa ogula amene akulimbana nazo, akuti munthu akalipira ayenera kuloledwa kugulitsanso, ndipo malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko. Koma mmene zilili lero, wogula akaunti ya mnzake wagula nyumba yomwe kiyi wina ali ndi mwini wake wakale. Tsiku lililonse angathe kumutsekera panja, mwadala kapena mosadziwa, ngati mmene zachitikiramu. Wogulitsanso naye amakhala wapereka dzina lake, khadi lake ndi zinsinsi zake kwa mlendo."

"Ndiye ndinagulitsa za eni," anatero Mayi a Mapasa motsitsa mawu.

"Munagulitsa zanu zisanu ndi ziwiri, n'kuwonjezerapo zinayi za eni. Safunsa anadya phula, amayi, koma lanuli ndi phula lochepa, lilavulika." Kenaka analoza Mayi a Saluni ndi sikuludiraiva. "Inunso muli ndi ufulu wanu. Ngakhale katundu akhale wakale, wogula ayenera kuuzidwa zoona za chimene akugula. Muzifunsa kuti, 'Gemu iyi ili pachimbale kapena mu akaunti?' Muziyesa chimbale chilichonse musanalipire. Ndipo muzilemberana, ngakhale pakapepala ka m'kope: zimene mwagula, tsiku, ndi mayina. Kulemberana si kukayikirana. Kumateteza chibale."

Mayi a Mapasa sanadikire kuuzidwa chochita. Anaimbira amuna awo n'kuwafotokozera mwachidule. Ndalama ija inali ikadali m'chitini cha mabatani, kudikira kuti iwonjezeredwe pakutha pa mwezi.

"Bwezani ya anayiwo lero lomwe," anatero Atelala. "Ovaloko idikire. Ndakhala ndikupinda m'mphepete mwa nsalu ndi manja kuyambira ndisanakufunsireni, sindinafe."

Koma Mayi a Saluni anapukusa mutu. "Ndalama si imene ikundiwawa, achemwali. Ndi basi ija."

Ainjiniya analuma mlomo akuyang'ana mashelefu. "Gemu imeneyo inatulukaponso pachimbale, ngakhale ndi yakaleko pang'ono. Pano ndilibe. Ndipatseni masiku, ndifunse anzanga. Koma ndinene zoona, masiteji onse amene abambo anadutsa aja apita. Adzayambira pachiyambi."

Tsiku lomwelo Ainjiniya anafufuta akaunti ya mwana wa Atelala m'makinamo, mwini wake akuvomereza pafoni, n'kutsegulira Adalaivala yawoyawo yopanda khadi la kubanki. Anayesa zimbale zonse zisanu ndi ziwiri pamaso pa amayiwo. Chimodzi chinali ndi mkwalasa ndipo chinkaima pakati, Mayi a Mapasa n'kuchichotsera pamtengo osauzidwa. Kenaka Ainjiniya anawalembera kapepala, onse awiri n'kusainira, wina akuseka siginecha ya mnzake.

Chimbale cha basi chinapezeka patatha masiku asanu ndi limodzi, kabokosi kake katamatidwa ndi selotepu. Masiku amenewo anali aatali kwa Mayi a Mapasa. Akaona foni yawo ili chete ankangousa moyo. Amadilu anabwera kamodzi kudzafotokoza kuti iwo ankadziwa kale zonsezo, kungoti sanafunsidwe bwino. Mayi a Mapasa anawathirira tiyi, n'kuwapatsa tsache kuti asese zidutswa za nsalu pansi. "Alamu, dilu iyi ndiye simungaluze," anatero, ndipo Amadilu anasesa akuseka.

Loweruka lotsatira banjalo linapita kukatula chimbalecho. Anapeza Adalaivala ali pawindo pomwe paja, ndevu zitamera. Mayi a Mapasa anagwada pambali pa mpando wawo.

"Bambo, basi yanu ndinaitsekera ndine, chifukwa cha kusafunsa. Mundikhululukire. Tabwera nayo ina, ndipo iyi ndi yanuyanu. Palibe angakulandeni. Kungoti muyambiranso padepoti."

Atelala anaika chimbalecho m'makina. Injini inalira pakanema, koma Adalaivala anapitiriza kuyang'ana panja. Mayi a Saluni anayamba kupotokola nsonga ya epuloni yawo.

Apo Atelala anakoka kampando n'kukhala pafupi nawo. Anatambasula dzanja lawo lamanja patsogolo pa Adalaivala, nalitsegula, nalitseka, nalitsegulanso.

"Achimwene, dzanja ili linali lakufa kuposa lanulo. Supuni inkandigwa. Akazi angawa ankandimanga mabatani ngati khanda. Ine basi imeneyi ndinaigwetsera m'ngalande kambirimbiri, poti ndine telala, za msewu sindizidziwa. Ndakhala ndikufuna kuona mwini ntchito akuiyendetsa." Anatenga chowongolera n'kuyamba kuyendetsa okha. Basi inatuluka padepoti mokhotakhota, inakwera m'mbali mwa msewu, n'kukagunda chikwangwani.

Adalaivala anatembenuka. Basi inabwerera m'mbuyo n'kugunda mpanda. Nkhope yawo inakwinyika ngati munthu amene akumva kuwawa. Atelala atalozetsa basiyo kumtengo, dzanja lamanzere la Adalaivala linatambasuka n'kulanda chowongoleracho. Lamanja linatsatira mpaka zala zinapeza malo ake.

Basi inawongoka. Inalowa mumsewu bwinobwino, inapatsa mpata njinga, n'kukaima pasiteji yoyamba ndendende pamzere. Atelala anaimirira, namenya m'mbali mwa mpando kawiri ndi chikhatho, n'kuyamba kuitanira apasinjala mokweza, mpaka makasitomala a mu saluni anasuzumira pakhomo tsitsi lili theka.

Adalaivala anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Milomo yawo inalimbana kaye ndi mawu, kenaka anatuluka, olemera koma omveka.

"Kondakitala... wokalamba chonchi... anamulemba ntchito ndani? Tseka chitseko, tizipita."

Mayi a Saluni anagwira pakamwa. Kuyambira tsiku limene amuna awo anagwa, anali asanawamvepo akunena mawu ochuluka chotero, ndiponso anthabwala. Anatembenuka n'kuthamangira kukhitchini. Mayi a Mapasa anawatsatira, nawakumbatira, ndipo anaima choncho, uku pabalaza hutala akulira ndi amuna awiri akukangana za njira yachidule.

Phunziro: Chimbale cha gemu chimene unagula ndi chako, ungathe kuchigulitsa kapena kupatsa wina. Gemu ya pa intaneti nthawi zambiri imakhala chilolezo chomangidwa pa akaunti, choncho usagule kapena kugulitsa akaunti ndi pasiwedi ya munthu. Pogula katundu wakale funsa, yesa, lemberanani, ndipo ukazindikira kuti wagulitsa chimene sichinali chako, bweza msanga chibale chisanawonongeke.